M'mimba mwa Kamphaka ka Alia

Banja la Rahim linali ndi ngongole kwa Eness, ndipo ngongoleyo inali tsiku. Analonjeza kuti amalume a mnyamatayo, a Omali, adzabwera ku Kabwata kudzapempha mwana wake Thandizo pamaso pa anthu. Poyamba anati mwezi wawo wosala kudya ukatha. Mweziwo unatha, anadya mpunga wawo, osabwera. Kenako anati a Omali apita kumaliro ku Mangochi. Maliro amtundu wanji osatha? Tsopano amayi a mumpingo anali atayamba kumufunsa Eness mafunso aja amene munthu amafunsa akudziwa kale yankho.

"Mwana wanga si tomato wa pa msika," anatero Eness Loweruka masana ali pakhonde, "wakuti munthu agwile, afinye, akambe ati nizabwela mailo."

Thandizo anali atagwada pamkeka, makirayoni ali mbwee. Iye anali mphunzitsi pa sukulu ya mkaka ku Woodlands, ndipo ndi kumeneko kumene anadziwana ndi Rahim, mmisiri wa masofa amene mkazi wake anamwalira n'kumusiyira kamtsikana, Alia. Kamtsikanako kanajambula mphaka m'kalasi, khutu lina lalikulu lina laling'ono, ndipo Thandizo anakalonjeza kuti akasandutsira mphakayo sikwishi, zidole zapepala zofinya zija zimene ana a mu Lusaka anapenga nazo.

Anaika pepala lina kumsana kwa chojambulacho, n'kuyamba kumata selotepi, mzere pa mzere, mpaka mphaka yense anawala ngati wanyowa.

"Tepi yonse iyo pa pepala? Ni ya mahala?"

"Mami, ngati siumata paliponse ing'ambika akangofinya."

Anadula ndi sizasi motsata mphakayo, namata m'mbali monse, kusiya kakamwa pamimba kolowetsera zofewa. Zofewazo ndiye panalibe. Rahim anali atalonjeza zidutswa za siponji za kuntchito kwake, koma anaiwala.

"Waona?" anatero Eness. "Siponji chabe yamukanga kubwelesa. Manje amalume?"

Foni inalira. Nkhope ya Thandizo inasintha, ndipo Eness sanafunikire kuuzidwa amene ankaimba.

"Mami, nithandizeniko, fakanimo mapulasitiki. Koma muyambe mwadula tung'onotung'ono," anatero mwanayo akuthamangira kuseri kwa nyumba.

Mapulasitiki ndiye analipo. Eness ankakazinga nyama ya nkhumba pa msika wa Kabwata, ndipo pulasitiki iliyonse yobwera ndi nyama ankaichapa ndi sopo n'kuiyanika pachingwe. Kutaya chinthu chabwinobwino iye sankadziwa. Koma zoti akhale pansi azidula tizidutswa, nthawi imeneyo ndani anali nayo? Anaanula angapo, kuwafwinya chomwecho, kuwakankhira m'mimba mwa mphaka ndi mpini wa supuni, kumata, n'kudula tepi ndi mano. Atafinya, kamphakako kanaphwa, kanati fyuu, kenako kanayamba kudzuka pang'onopang'ono ngati kakupuma. Eness anadabwa, koma sanaonetse.

*

Rahim anafika dzuwa litapendeka, nasiya kagalimoto kake ka matabwa panja pa mpanda. Analowa atagwira chipewa kumanja.

"Mwachoma bwanji, mami?"

"Nachoma kuyembekeza."

"Mami, nkhani ija..."

"Ba Rahim, ine nifuna siku. Osati posachedwa. Posachedwa nafunafuna pa kalenda, palibe."

Mnyamatayo anaseka mwamanyazi. Anali munthu wofatsa, wa manja okhakhala, ndipo chimene chinkamukwiyitsa kwambiri Eness n'chakuti ankamukonda ndithu.

"Ndiye vamene nabwelela. Amai akuti mubwele mailo ku Chelstone mukamwe tiyi. Siku bazakamba beka, na pakamwa pawo."

Mtima wa Eness unadumpha, koma nkhope anaisunga ya pa msika. "Tiyi tili nayo kuno. Koma tizabwela."

Thandizo anatulutsa kamphaka kaja. Rahim anakafinya, kanati fyuu, ndipo onse awiri anaima mitu pamodzi kukayang'ana kakudzuka, zala zawo zitakumana pa khutu lalikulu lija.

"Unachita ichi chifukwa cha Alia?" anafunsa motsitsa mawu.

"Nanga chifukwa cha ndani? Imwe muli na zaka zingati?"

"Nizambokabweleka akagona."

Eness anatsokomola mwadala, ndipo zalazo zinasiyana.

Kagalimoto katapita, Thandizo anakhala pafupi ndi amayi ake, n'kuyamba kutolera makirayoni osawayang'ana.

"Mami, mailo bakafunsa nchito yanu, mukambe chabe ati mugulisa ndiyo za nsima."

"Ndiyo? Nanga nkhumba si ndiyo?"

"Mami, ni Asilamu. Ba Rahim aziba, koma amai awo sanauzidwe. Azabauza eka, siku ikakambiwa."

"So manje nikhale wakuba pa nchito yanga?"

"Mailo chabe, mami. Napapata."

Eness anadzuka mwaukali kukaanula mapulasitiki otsala pachingwe. Anakoka yoyamba, naikung'untha kuti aipinde. Pamenepo anaima. Pakati pa pulasitikiyo panali chithunzi cha kubutchala kumene ankaoda nyama: nkhumba yofiira, yonenepa, itavala chipewa cha wophika, ikuseka mano onse pamtunda. Ankaiona tsiku lililonse mpaka anasiya kuiona. Zonse zimene analowetsa m'mimba mwa mphaka zinali zomwezo, zosadula.

Anathamangira kumsewu. Ndi fumbi lomwe la kagalimoto linali litakhazikika.

Atabwerera anapeza Thandizo akusita diresi la mawa, akuimba chamumtima. Eness anamudutsa, za chithunzicho osamuuza.

*

M'mawa mwake, akukonzekera za kutchalitchi, foni ya Thandizo inalira kawiri. Mwanayo anawerenga uthengawo, nkhope n'kugwa.

"Ni ndani?"

"Shamsiya."

Shamsiya anali mng'ono wa malemu mkazi wa Rahim. Sankachoka ku Chelstone, ati kusamalira mwana wa mkulu wake, ndipo aliyense ankadziwa kuti amayi a Rahim akanakonda kuti alowe m'malo mwa mkulu wakeyo.

"Welenga nimve. Vilembo ving'onoving'ono ine vinipweteka maso."

Thandizo anawerenga. "Ba ticha, Alia anagona na kamphaka kanu. Koma kayamba kale kuseka pamimba, tepi yamatuka. Vinthu va pepala sivikhalisa, mwaziba."

"Akamba za ine, mami. Ati ine ndine wa pepala."

Eness sanamve zimenezo. Iye anamva mawu amodzi okha: pamimba. Anatola selotepi yotsala pawindo n'kuiponya m'chikwama.

Kutchalitchi abusa analalikira nthawi yaitali, koma ukanamufunsa Eness kuti anati chiyani, sakanakuuza. Muminibasi yopita kutauni ankauza dalaivala kuti athamange. Mu ya ku Chelstone anakangana ndi kondakitala chifukwa choima paliponse.

"Mami, ni chani lelo?" anafunsa Thandizo.

"Palibe. Konza chitambala, chapendama."

*

Anavula nsapato pakhomo. Mayi Asia, amayi a Rahim, anawalandira atafunda mpango woyera, n'kuwakhazika pa sofa lopangidwa ndi mwana wawo. Anali mayi wa mawu ochepa, ndipo ngakhale anakalambira mu Lusaka, ankayankhulabe Chichewa cha kwawo.

"Takulandirani, amake Thandizo. Pepani, takuchedwetsani nthawi yaitali."

"Mwatichedwesa zoona," anatero Eness. Thandizo anamuponda chala.

Rahim anakhala pampando wa pakona, manja pamaondo. Patebulo panali tiyi wa mkaka ndi samusa. Kenako Alia analowa, kamphaka kali kukhwapa, nathamangira kwa Thandizo.

"Ba ticha, onani! Kapema!" Anakafinya kuti aone mmene kakupumira. Fyuu.

Maso a Eness anapita pamimba. Tepi inali itamatuka ndithu, ndipo pa mpatapo pankasuzumira kanthu kofiira.

"Ndamva mumagulitsa pa msika," anatero Mayi Asia akuthira tiyi.

"Ee. Ndiyo."

"Ndiwo zanji?"

Fyuu.

"Zokazinga," anatero Eness, natembenuka msanga. "Iwe Alia, bwela kuno kuli ambuya. Nipase ako kamphaka, nikupangile kakulu. Ka mchila."

"Ayi."

"Tubili. Kamuna na kakazi."

"Ayi."

"Na maswiti pamwamba. Na ka diresi ka chitenje."

"Aka ninajambula neka," anatero mwanayo, nakakumbatira. Kanthu kofiira kaja kanatulukanso pang'ono.

Eness, amene amuna a kubutchala ankabisala akamuona akubwera kudzanenerera, anamva thukuta likutsika kumsana. Anatsitsa mawu.

"Nibwelekeko chabe. Ona, kadwala pamimba. Nili na tepi mu chola, nikamate, nikubwezele manje manje."

Alia anayang'ana pamimbapo, nayang'ana Eness. Anayamba kutambasula dzanja.

"Ah, mlendo agwile nchito mu nyumba muno?"

Anali Shamsiya, atanyamula mbale ya zitumbuwa. Anaika mbaleyo patebulo, n'kulanda kamphakako mokoma, akumwetulira.

"Siyani, nimata neka," anatero Eness ataimirira.

"Khalani, mami, tiyi izazizila. Vamapulasitiki ivi nichosemo, nifakemo siponji ya ba Rahim, yeniyeni. Mwana wa mkulu wanga sangasewele na vinyalala." Anayang'ana Thandizo ponena mawu omalizawo.

"Nakamba siyani!"

Onse anatembenuka. Shamsiya anakweza nsidze, ndipo Eness anadziwa kuti wadzigulitsa yekha. Mtsikanayo anagwira kanthu kofiira kaja ndi zikhadabo, nakoka pang'onopang'ono. Pulasitiki inatuluka yonse. Anaitambasula patebulo, pakati pa samusa ndi zitumbuwa, n'kuisalaza ndi chikhatho.

Nkhumba inaseka mano onse pamtunda.

"Kankhumba!" anatero Alia akuomba m'manja. "Kavala chisote!"

Palibe wina anaseka.

*

Mayi Asia anasuntha mbale ya samusa kuichotsa pafupi ndi pulasitikiyo. Anachita zimenezo modekha, ndipo kudekhako kunamuopsa Eness kuposa kukalipa.

"Mwanayu wagona nacho chimenechi. Wakhala akuchipsompsona."

"Ninachapa na sopo," anatero Eness. "Nunkhizani ngati munganvemo kanthu."

"Mwazitenga kuti?"

"Ni va aneba athu," anayamba Thandizo, "anatipasa..."

"Iwe, leka." Eness anakhala tsonga. Mantha aja anali atatha, popeza chimene ankaopa chinali kale patebulo. "Ni vanga. Nikazinga nkhumba pa Kabwata. Atate ake uyu atamwalila sananisiyile sitolo, ananisiyila chiwaya. Iyo nkhumba iseka apo ndiye inamuphunzisa mpaka akhale ticha wa muzukulu wanu."

Mayi Asia anayang'ana mwana wawo.

"Rahim, unkadziwa?"

"Ndinkadziwa, amayi."

"Ndipo unandisiya ndiwafunse ngati chitsiru, m'nyumba mwanga?"

"Ndimafuna ndikuuzeni tsiku likatchulidwa. Kulakwa n'kwanga. Ndi siponji yomwe ndine ndinaiwala." Anaimirira. "Koma amayi, ine sindikukwatira chiwaya. Ndikukwatira Thandizo."

"Khala pansi."

Anakhala. Eness anaziona zimenezo, ndipo sanazikonde.

Shamsiya anali atatulutsa mapulasitiki onse, ndipo kamphaka kanatsala kophwa ngati envulopu. Alia atakafinya osadzuka, anayamba kulira. Thandizo anatambasula manja, koma Shamsiya anafulumira kumunyamula mwanayo. "Bwela kuli amai ang'ono, tikasambe m'manja," anatero, natuluka naye.

"Amake Thandizo," anatero Mayi Asia, "za tchalitchi chanu ine sindinakanepo. Ndinalimbana nazo mumtima, ndinazivomera, chifukwa mdzukulu wanga amamukonda mwana wanu. N'chifukwa chake ndinachedwa. Lero ndimati nditchule tsiku. Koma tandiuzani, Alia akadzabwera kwa agogo ake ku Kabwata, azidzadyera m'mbale ziti?"

Apa Eness anamva ngati wafika pa msika. Funso lotere linali ndi mtengo wake.

"Nizagula mbale zake. Mapoto ake, supuni yake. Vizakhala mu kabati yake, na loko."

"Nanga manja ophikawo?"

"Manja asambika. Ku msika sazapondako. Nyama siizalowa mu nyumba siku yamene abwela. Nawonjezela na ichi: pa ukwati mukaphike imwe, mbuzi mukaphe mwa kwanu, ine nizakhala chabe pansi monga mlendo."

"Zonsezo n'zabwino. Koma ine ndikupempha chimodzi. Siyani nyama imeneyo. Gulitsani nkhuku, gulitsani nsomba. Mukatero, achimwene anga a Omali abwera sabata yomweyo."

"Nkhuku? Muziba bangati bagulisa nkhuku pa Kabwata? Mzele wonse! Nkhumba ndine neka. Bantu bachoka ku Chilenje kukonkha ine."

"Ndiye mwasankha."

"Asebele, mvelani..."

"Pa usewere sitinafikepo."

Mawuwo anagwa ngati mbama. M'chipindamo munangomveka kulira kwa Alia kuchokera kubafa.

"Mami," ananong'ona Thandizo, misozi ili m'maso, "nkhuku nayo igulika..."

Eness anamuyang'ana mwana wake. Za Mayi Asia anaziyembekezera. Izi ayi. Anatola pulasitiki ija patebulo, naipinda bwinobwino, kona pa kona, monga ankachitira masiku onse, n'kuiika m'chikwama.

"Ine moto wanga sinizima. Manje imwe, munanilonjeza siku. Nabwela kutenga. Ni liti?"

"Palibe tsiku," anatero Mayi Asia. "Motowo ukadali kuyaka, achimwene anga sadzaponda ku Kabwata."

"Thandizo, vala nsapato."

*

Anayenda mpaka pa siteji. Minibasi inali itaima kale, kondakitala akukuwa za tauni. Eness anakwera, nakhala pawindo, n'kuika chikwama pampando wa pambali kusungira mwana wake.

Thandizo sanakwere. Rahim anali atawathamangira, patapata kuphazi limodzi lokha, ndipo anamugwira pamkono.

"Nipase nthawi," ankatero. "Nizakamba nawo amai. Nizapita neka kuli amalume. Thandi, niyang'ane."

"Unakhala pansi, Rahim. Bakuuza khala, wakhala."

"Ni amai anga."

"Na aba ni amai anga."

Kumbuyo kwawo, pa geti, Shamsiya anali ataima, Alia ali m'chiuno mwake, akuonerera osaphethira.

"Iwe Thandizo, kwela!" anakuwa Eness pawindo. "Tizagona pano?"

Thandizo anachotsa dzanja la Rahim, nabwera pawindopo. Maso anali ofiira, koma mawu anali olimba.

"Mami, bamene baja mwabakanila, namvela. Manje ngati ndine nakupemphani, ine mwana wanu, osati beve. Mungazime?"

Eness anatsegula pakamwa. Moyo wake wonse sanasowepo choyankha, kaya kubutchala, kaya kwa a khonsolo, kaya kwa oledzera a pa msika. Anayang'ana manja ake, zipsera za mafuta zili mbwee mpaka m'zigongono. Palibe chimene chinatuluka.

"Mami, apa pali munthu?" anafunsa kondakitala akuloza chikwama. Kumbuyo kwake kunali bambo wina wonyamula thumba la makala.

"Alipo. Abwela."

"Pitani, mami," anatero Thandizo, nabwerera m'mbuyo. "Ine nikali na vokamba kuno."

Kondakitala anamenya denga kawiri. Eness anachotsa chikwama pampandopo n'kuchiika pamiyendo, ndipo bambo wa makala uja anakhala.